Nyimbo Khumi M'chigafa

Nyimbo imene inamutchukitsa Talandira ndi yomweyo imene inamulanda bambo ake.

Inali yachitatu pa chimbale cha nyimbo khumi za rapu. Chimbalecho anachilemba zaka ziwiri zathunthu, mkati mwa sabata akugulitsa misomali ndi penti m'sitolo ina ku Area 25 mu Lilongwe, Loweruka masana akukajambula kwa Caleb, mkulu wina amene situdiyo yake inali kachipinda kokhala ndi kompyuta, maikolofoni imodzi ndi matiresi awiri okhomedwa pakhoma. Nyimbozo zinkatsatana ngati mizere ya m'munda. Yoyamba inkayambira pa nazale ya fodya kumudzi kwawo, kufupi ndi Dzoole, ndipo munthu akamva zonse mpaka yomaliza ankamva mbiri ya banja limodzi, mmene linagwera ndi mmene linadzukira.

"Sisi, zimenezi ndi za makedzana," anatero Caleb tsiku limene anamaliza kukonza nyimbo yakhumi. "Ndani masiku ano angakhale pansi mphindi makumi asanu kumvera munthu mmodzi? Ngakhale abusa akalalikira mopitiriza, anthu amayamba kusuzumira pafoni."

"Ndiye ndizitaye?"

"Osataya. Tizitulutsa imodzi imodzi. Tiyambe ndi yachitatuyi, ili ndi kolasi yoti ngakhale mwana woyamwa aigwira. Ikaphulika, anthu adzazifuna okha zinazo."

Talandira ankadziwa kuti mawu omalizawo anali ongomunyengerera. Oimba rapu amene iye anakula akuwamvera ankatulutsa chimbale choti munthu n'kukhala nacho chaka chonse, lero n'kukonda nyimbo iyi, mwezi wamawa n'kuzindikira kuti yokoma kwenikweni inali ina imene unkainyoza. Tsopano nyimbo zinali za mphindi ziwiri, ng'oma zake zofanana, mawu ake mayina a nsapato ndi a mowa, ndipo pakatha milungu itatu ngakhale mwini wake sankaikumbuka. Iye ankazinyoza zimenezi mokweza. Koma anali atafika zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi asanamvepo mawu ake akutuluka m'minibasi. Choncho tisamunamizire Caleb. Talandira anavomera yekha, ndi pakamwa pake.

Caleb anadula ndime yachitatu, anathamangitsa ng'oma, n'kuwonjezera kherere. Nyimbo ya mphindi zisanu inatsala ziwiri. Kolasi yake inali iyi:

Belo latuluka, ababa atuluka,
tidzaonana mvula ikagwa.

Aliyense wokulira kwa alimi a fodya sankafunika kumumasulira. Mabelo akapita ku okushoni, abambo ena amapita nawo limodzi, n'kudzabwera ndi mvula yoyamba m'matumba muli mbee. Nyimboyo inagwira ngati moto wa lupsa. Inkalira m'maminibasi, panjinga zamoto za kabaza, pamaukwati. Pa TikTok atsikana ankasenza pilo pamutu ngati belo n'kumatuluka pakhomo akudzigwedeza. Anyamata oika nyimbo m'mamemole a foni pa Mponela ankaiika munthu asanaipemphe. Nyimbo zisanu ndi zinayi zija palibe anazifunsa.

Vuto linali lakuti ababa a m'nyimboyo anali munthu wamoyo. Ndime yoyamba inkatchula njinga yofiira ya a Benjamini itatsamira khoma la bala pa Mponela, ndipo ku Dzoole kunalibe amene sankadziwa kuti a Benjamini ndi ndani ndiponso kuti woimbayo ndi mwana wa yani. Anali atasiya mowa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anali mkulu wa mpingo, munthu woitanidwa kukaweruza mabanja akayambana. Pa ukwati wina anawapempha kuti atsegule ndi pemphero, ndipo atangonena kuti Amen, woimbitsa nyimbo anaika Belo Latuluka. Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. A Benjamini anatola chipewa chawo n'kupita kunyumba, mpunga osadya.

Kuyambira tsiku limenelo foni ya Talandira sankaiyankha. Amene anamuimbira anali amayi ake, a Lidia, munthu wosadziwa kukulunga mawu.

"Akuti alibe mwana woimba. Masabata atatu tsopano sanaponde kutchalitchi. Ngati ukuwafunabe bambo ako, bwera udzalankhule nawo wekha. Ine sindine positi ofesi."

Anapempha masiku kuntchito n'kunyamuka Lachiwiri, kumapeto kwa mwezi wa Epulo. M'minibasi ya ku Mponela nyimbo yake inalira kawiri. Kondakitala ankaimba nawo akumenya chitseko, mayi wina wonyamula nkhuku n'kunena kuti, "Mwana ameneyu wawayalutsa azibambo, Mulungu amudalitse." Ichi ndi chimene Talandira ankachilakalaka zaka zonsezi, koma anangoyang'ana pawindo.

Anafika pakhomo dzuwa litapendeka. A Benjamini anali pakhonde akusoka chiguduli chokutira belo. Talandira anagwada chapatali n'kuwapatsa moni.

"Tili bwino, kaya inu mayi?" anayankha iwo, maso ali pasingano. Kenaka anapinda chigudulicho, anatenga khasu n'kulowera kudimba. Sanabwere mpaka nkhuku zitalowa, ndipo chakudya anakadyera kuchipinda.

"Ukawatsata kudimba athawira kuphiri," anatero a Lidia akutsuka mbale. "Ukawatsata kuphiri akwera mumtengo. Ndakhala nawo zaka makumi atatu, ndikuwadziwa. Malo amene sangathawe ndi amodzi okha. Taona kumwambaku."

Kunali mitambo yopyapyala, ndi kamphepo kachinyezi kochokera kumapiri a ku Ntchisi.

"Mawa fodya afewa," anatero a Lidia.

Talandira anamva. Fodya wouma m'chigafa sagwiridwa dzuwa likakwera, amangofumbutuka m'manja ngati chipapati chakale. Amasankhidwa m'mamawa, chinyezi chikamufewetsa, ndipo nthawi imeneyo ndi yochepa. Mlimi sachoka m'chigafa fodya ali wofewa, ngakhale amve kuti mbuzi yagwera m'chitsime. Sathamangitsanso manja obwera kudzathandiza, kaya ndi a mdani. Ndipo lole ya kalabu yawo inali kubwera Lachisanu kudzatenga mabelo.

Kutangoyera, Talandira anavala chitenje cha amayi ake n'kulowa m'chigafa. Fungo linamulandira pakhomo pomwe, fungo lotsekemera ndi loyabwa kummero limene ankaliyesa kuti analiiwala. Bambo ake anali atatsitsa kale mikangala ingapo yopachikapo fodya, atakhala pathumba, mulu wa masamba uli pakati pa miyendo yawo. Amayi ake ankamanga ndindi, kusonkhanitsa masamba ofanana n'kuwakulunga kumutu ndi tsamba lina. Talandira anakhala pansi, anakoka mulu wake n'kuyamba kusankha, aatali uku, aafupi uku, ofiirira paokha, amawanga paokha. A Benjamini anamuyang'ana m'manja, osati kumaso.

Atasankha kwa kanthawi, Talandira anatulutsa kasipika m'chitenje n'kukaika pamwamba pa jeke yodindira fodya.

"Chimenecho chikalira, ine ndituluka," anatero a Benjamini.

"Tulukani," anayankha a Lidia. "Fodya auma, lole ibwera, ndipo mukawauze anzanu a kalabu kuti munathawa kawailesi kochepa ngati sopo."

"Nambewe, usalowerere." Ndi mmene a Benjamini ankaitanira akazi awo, ndi dzina la mfunda.

"Ababa," anatero Talandira, "mwamva nyimbo imodzi, yodulidwa mutu ndi miyendo. Zilipo khumi. Ndikupempha mumve zonse kamodzi kokha, mmene ndinaziikira. Zikatha, mukanena kuti ndizipita, ndipita lero lomwe, ndipo sindidzakuvutitsaninso."

"Ndamva kale zokwanira. Dziko lonse landiimbira."

"Munkatiuza nokha kuti kaseti sadumpha."

A Benjamini anaimitsa manja. Kale, Talandira ali mwana, anali ndi wailesi ya kaseti imene ankaipachika pamtengo wa m'chigafa momwemo, ndipo lamulo lake linali limodzi. Kaseti ikayamba, iyende mpaka ithe. Wogwira batani lothamangitsira ankalandira khofi.

"Ndinkasunga mabatire," anatero a Benjamini.

"Ndikudziwa. Koma ine ndi mmene ndinaphunzirira kumvera nyimbo. Zimene ndinkadana nazo ndinkazimva mokakamizidwa, mpaka ndinkapeza kuti woimbayo anaziika pamenepo ndi cholinga. Mukanakhala ndi mabatire ambiri, chimbale ichi sindikanachilemba."

Bambo ake anatola tsamba, analitambasula, analiponya pamulu wa aatali. Kwa a Benjamini, kumeneko kunali kuvomera. Talandira anadina foni.

Nyimbo yoyamba inayamba ndi phokoso la madzi otuluka m'kheni yothirira, kenaka ng'oma yapansipansi, kenaka mawu a Talandira, osathamanga. Inkanena za kamwana konyamula kabekete kumatsatira bambo ake kudambo m'mwezi wa Okutobala, za mbewu ya fodya yochepa ngati fumbi, za bambo amene ankaisakaniza m'madzi n'kumauza mwanayo kuti asayetsemule, angamwaze munda wonse. A Lidia anaseka ndi mphuno. A Benjamini anapitiriza kusankha ngati ogontha.

Yachiwiri inali ya kuwokera, mvula ikuwakwapula pamsana, matope akulanda nsapato. Ili mkati, a Benjamini anatambasula dzanja n'kusolola tsamba pamulu wa Talandira.

"Iwe, lamawanga ili likufuna chiyani pa abwinowa? Tauni yakudya maso?"

"Pepani, ababa."

"Ukandiipitsira belo."

Kenaka inafika yachitatu. Nyimboyo inabwera mmene anaipangira poyamba, yoyenda pang'onopang'ono, yopanda kherere, kolasi yake ikuimbidwa ndi mawu amodzi okha ngati mwana akudziimbira. Panalibe chovinira. Njinga yofiira inatchulidwa, bala inatchulidwa, ndipo nsagwada za a Benjamini zinalimba. Anagwira bondo ngati akufuna kudzuka. A Lidia anawaponyera mulu wina wa masamba pamiyendo, osawayang'ana. Ndipo inafika ndime imene Caleb anadula, imene ku Dzoole kunalibe anaimvapo. Inkanena za mwana wokhala pachulu cha kumsewu madzulo aliwonse, kuyambira Meyi mpaka Novembala.

Sindinkadikira shuga, sindinkadikira nsalu,
ndinkadikira belu la njinga.
Anzanga ankati bambo ako anathawa,
ine ndinkati akupopa tayala.

A Benjamini anakhala ndi tsamba limodzi m'manja mpaka nyimboyo inatha. Atazindikira, analiyang'ana ngati sakudziwa mulu wake, n'kuliika pambali.

Yachinayi inali ya chaka cha njala, gaga ndi mizu ya nthochi. Kunja tambala ankalira mochedwa, ndipo kuwala kunayamba kulowa m'mipata ya udzu.

Yachisanu ndi imene Talandira ankaidalira. Anaitcha Pamsana. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anadwala malungo mpaka kukomoka, ndipo chimene ankakumbuka paulendo wa kuchipatala ku Mtengowanthenga chinali chimodzi, tsaya lake litatsamira jekete lokhakhala lonunkha fodya, msana ukugwedezeka pansi pake, mtunda wonse wokafika kumsewu waukulu. Jekete limenelo ankalidziwa, linali la bambo ake. Nyimboyo inkanena kuti munthu yemweyo amene ankasowa miyezi isanu ndi umodzi, tsiku limene imfa inafika pakhomo anapezeka, n'kumubereka mwana wake. Talandira ankati bambo ake akamva imeneyi, mtima wawo ugwa.

Anawayang'ana mozemba. Nkhope ya a Benjamini sinafewe. Inachita mdima kuposa mmene inalili pa nyimbo yachitatu. Anatembenukira kwa akazi awo, koma a Lidia anali atadzuka kale akukutumula chitenje.

"Mbuzi zalowa m'munda wa mbatata," anatero, n'kutuluka.

Talandira sanamve mbuzi iliyonse. Anaganiza kuti amayi ake akukalirira kuseri, ngakhale sanawaonepo akulira chibadwire.

Nyimbo zinapitirira. Yachisanu ndi chimodzi inali ya tsiku limene a Benjamini anabwera wapansi, njinga atagulitsa, n'kukhala pakhonde osalowa m'nyumba mpaka a Lidia anawauza kuti alowe angadwale. Yotsatira inali ya Lamulungu limene anaima pamaso pa mpingo wonse n'kunena zimene anachita, osachotsako, mwana wawo atakhala kutsogolo pamphasa ya Sande sukulu. A Lidia anabwerera nyimbo imeneyi ili mkati, anakhala pamalo pawo n'kupitiriza kumanga ndindi.

Pofika yachisanu ndi chitatu dzuwa linali litakwera. Tsamba linathetheka m'manja mwa Talandira, lina linathetheka m'manja mwa bambo ake. Fodya anali atauma. Apa ndi pamene tsiku lililonse a Benjamini ankafunditsa milu ndi pepala lapulasitiki n'kupita ku ntchito zina, ndipo panalibenso chowagwira m'chigafamo. Anadzuka. Anafunditsa mulu woyamba, wachiwiri, wachitatu, anatsindira m'mbali ndi njerwa. Anaima pakhomo la chigafa, msana atalozetsa kwa mwana wawo. Kasipika kankanena za bambo wosenza sutikesi ya mwana wake pamutu, kumuperekeza ku sekondale, akumulangiza njira yonse kuti asamabwereke sopo wa anzake.

A Benjamini anabwerera n'kukhala pathumba paja, manja ali pamaondo. Talandira anali asanawaonepo atakhala m'chigafa opanda chogwira. Anaweramitsa mutu kuti asawachititse manyazi ndi maso.

Yakhumi inali yaifupi. Inalibe kolasi, inali mawu othokoza okhaokha, otchula zinthu zing'onozing'ono. Itatha, kasipika kanalira kamodzi n'kukhala chete.

"Zatha?" anafunsa a Benjamini.

"Zatha, ababa."

A Benjamini anapukuta utomoni wa fodya kuzala.

"Yachitatu ija ndi yoona. Ndi mmene ndinalili. Za chulu zija sindinkazidziwa." Anatsokomola. "Koma iwe wakulira m'chigafa muno. Ku okushoni samasula belo lonse kuti aone tsamba lililonse. Amasolola ndindi imodzi, n'kugamula belo lonse. Zimenezo unkazidziwa. Ndipo anthuwa sanachite kusolola okha, unawasankhira ndiwe, n'kuwapatsa m'manja."

Talandira anali atakonza mayankho m'minibasi monse, za Caleb, za mmene nyimbo zimayendera masiku ano, za anthu amene safunanso chimbale. Zonse zinali zoona, koma anaona kuti palibe limodzi loyenera kulowa m'chigafamo.

"Ndinalakwa, ababa. Ndinkafuna kumveka."

"Wamveka."

"Ndamveka."

"Chabwino. Imeneyo ndi imodzi." A Benjamini anawongola msana. "Koma yachisanu ija ndi bodza."

Talandira anadzutsa mutu. "Bodza bwanji? Ndimakumbuka ine. Jekete lanu lija, lobiriwira."

"Jekete linali langa. Msana sunali wanga. Tsiku limenelo ine ndinali pa Mponela, sindinkadziwa ngakhale dzina langa. Ndinamva patapita sabata kuti mwana anagonekedwa kuchipatala." Analoza ndi chibwano. "Afunse awo."

A Lidia ankamangabe ndindi imene inali itamangika kale.

"Amayi?"

"Kunkazizira," anatero a Lidia. "Jekete linali pamsomali, ndinavala. Unkafuna ndiyende ndi bulauzi?"

"Koma ndinakufunsani! Nditachira ndinakufunsani kuti anandibereka ndi ababa, inu munati eya."

"Ndinati eya."

"Chifukwa chiyani?"

A Lidia anaponya ndindiyo pamulu n'kumuyang'ana mwana wawo m'maso. "Unkakhala pachulu ngati kadzidzi tsiku lililonse. Ndinati mwanayu akhale ndi kanthu kamodzi kogwira. Ine sindinkasowa kuyamikidwa, unkandiona tsiku ndi tsiku mpaka kutopa nane. Ndipo tandiuza, ukanakula ndi bambo wa nyimbo yachitatu yekhayo, ukanakwera minibasi dzulo?"

Zaka zoposa makumi awiri Talandira anakhala akutsamira msana umenewo m'maganizo mwake. Pamene bambo ake ankasowa, pamene anzake ankamuseka, ngakhale pamene ankalemba nyimbo yachitatu ija mkwiyo uli pakhosi, ankadziuza kuti komabe anandibereka. Tsopano anayang'ana amayi ake, mayi wamfupi wa mapewa opapatiza, n'kuyesa m'maganizo mtunda wochokera pakhomopo kukafika kumsewu waukulu. Anasendera chogwada n'kugwira bondo lawo.

"Amayi, zikomo."

"Choka apa, undipaka utomoni. Unkalemera ngati thumba la feteleza, ndipo unandisanzira m'khosi kawiri. Zimenezo ukaikemo."

A Benjamini sanaseke. "Nambewe, zaka zonsezi osandiuza?"

"Mukanatani? Mukanapita kukamuuza mwana kuti si ine? Ndinakusiyirani mbiri yabwino imodzi yaulere, ndipo mwakhala mukuidya osadziwa."

"Ndiye ndaibweza lero." Anatembenukira kwa Talandira. "Tamvera. Anthu akundiseka chifukwa cha zinthu zimene ndinachitadi. Zikundiwawa, koma ndi zanga, ndizisenza. Chimene sindingalole ndi kutamandidwa ndi msana wa mkazi wanga. Ukaikonze nyimbo imeneyo. Unene kuti anali amako, unenenso kumene ine ndinali."

"Ababa, palibe adzaimve. Caleb akunena zoona, anthu safuna zinazo. Amafuna kolasi yovinira, basi."

"Ine ndamva. Amako amva. Si anthu amenewo?"

"Ndi anthu."

"Ndiye ukaikonze. Chinthu ukachipanga cha nyimbo khumi, zonse khumi zikhale zoona, kaya akumva ndi awiri. Ine tsamba la pakati pa belo ndimalisankha ngati la pamwamba, ngakhale ndikudziwa kuti mwina palibe adzalione."

"Ndikaikonza Loweruka lomweli."

"Ndipo zinazo usazipereke kwa mnyamata wa kherereyo kuti azidule. Wofuna amve zonse, wosafuna asiye."

"Ayambe wadutsa pa ine," anatero Talandira.

Funso limene anadzera linali lisanayankhidwe, ndipo iye ankaopa kulifunsa. Anakatenga kasipika pajeke n'kukakulunga m'chitenje, pang'onopang'ono, kuti apeze chochita ndi manja. Pomaliza analimba mtima.

"Ndiye ndizipita, ababa?"

A Benjamini anamuyang'ana kumaso, koyamba chifikire.

"Upite kuti? Waona mikangala yatsala m'mwambamu? Ukuganiza kuti ine ndi amako timaliza tokha pofika Lachisanu?" Anadzuka akugwira m'chiuno. "Maso ako afooka, koma manja sanaiwale. Nambewe, mwanayu wamwa tiyi?"

"Mwana uti? Mumati mulibe mwana woimba."

"Ndikunena uyu wosankha fodyayu."

A Lidia anatuluka akung'ung'udza kuti pakhomo pano munthu sapuma. Talandira anatsala chiimire pakati pa chigafa, fumbi la fodya likuyandama m'mizere ya dzuwa. Dziko lonse linamupatsa mphindi ziwiri, n'kuvina. Bambo ake, amene anali ndi chifukwa chokanira kuposa wina aliyense, anamupatsa mphindi makumi asanu, ndipo mbali ina anakhala manja ali chabe. Anafuna kuwauza zimenezi, koma ankawadziwa, akanangomufunsa ngati wayamba kulalikira.

A Benjamini anali atafika kale pajeke, akuyala chiguduli m'bokosi lodindira, mbali imodzi ikuwapulumuka.

"Tala, ukuyang'ana chiyani? Gwira uku, ukoke kwambiri. Belo likapindika amalibweza."

Talandira anagwira, nakoka.